Mphindi Zinayi za Kusum-tai

Lolemba, 10 Juni

Mvula yayamba. Sitima ya ku Andheri yachedwa, ndafika m'chipinda chodulira filimu nditanyowa mpaka m'kati. Taonera yonse koyamba. Ndinene muno poti palibe akumva: filimuyi ikutsimphina. Wapolisi amangokuwa popanda chifukwa, mnyamata wachikondi uja nkhope ngati thabwa.

Koma Kusum-tai! (Tai ndiye kuti achemwali, tonse timawaitana choncho.) Zaka makumi atatu akusewera wantchito wa m'nyumba, wobweretsa tiyi n'kutuluka. Lero ndiwo eni nkhani. Pali malo ena, atangomva kuti mwana wawo wafa, akhala pansi n'kuyamba kusokerera batani pa malaya ake. Mphindi zinayi, kamera yosasuntha, osalankhula, osalira. Ulusi ukukana kulowa pa singano. Ndadula mafilimu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma apa dzanja langa lakana.

Lachiwiri, 11 Juni

A Lalwani, eni filimu, abwera ndi fungo lawo la perefyumu. "Zubeida-ji, mayiyu akusoka chiyani chosatha? Ndi telala? Chotsani, tiikepo nyimbo ya ukwati, anthu avine!" Pranay, wotsogolera filimu, wangoyang'ana nsapato zake. Ndi filimu yake yoyamba, sangatsokomole n'komwe pamaso pa bwana.

Lachinayi, 13 Juni

Mutu ukuwawa. Nyimbo ija ndi yoipa.

Loweruka, 15 Juni

Tamvana. Nyimbo ilowa, uthenga wa maliro ufika pa ukwatipo, kenako nthawi yopuma ya pakati pa filimu. Batani litsala, likhala poyambirira penipeni pa chigawo chachiwiri. A Lalwani anaseka: "Pamenepo ikani chilichonse, olo mbuzi!" Ine kusangalala, ndati ndawagonjetsa.

Ndili m'sitima m'pamene ndazindikira chomwe amaseka. Wodula filimu aliyense amadziwa kuti mphindi zisanu zoyamba nthawi yopuma ikatha ndi za mipando yopanda anthu. Onse amakhala pamzere wa samusa kapena kuchimbudzi. Pamenepo timaikapo magalimoto akudutsa, dzuwa likutuluka. Ine ndaikapo Kusum-tai. Ndakodwa ngati wongoyamba ntchito, ndipo ndili ndi manyazi.

Lachinayi, 25 Julayi

Filimu ituluka mawa. Tai andiimbira foni. "Zubi, tikaonere limodzi ku Dadar, ya masana. Za maholo a anthu olemera ayi, ndikufuna komwe amaimba mluzu." Akuti ena awaitana kale kukasewera wantchito wa m'nyumba. Sanavomerebe. "Akapanda kundiona apa, ndibwerera ku thireyi ya tiyi mpaka kumanda. Batani langa lilipo?"

"Lilipo, tai."

Sindinawauze pomwe lili.

Lachisanu, 26 Julayi

Holo inadzaza theka. Tai anafunda sari yawo kumutu, koma panalibe chifukwa, palibe anawazindikira. Nyimbo ya ukwati anthu anaiimbira mluzu, a Lalwani akanakhalapo akanafufuma. Magetsi atayaka pa nthawi yopuma, onse khamu kutuluka.

Pamenepo ndinawauza tai pomwe batani lili. Anati, "Ndiye kuti ndisokera mipando?" Sanakwiye. Bola akanakwiya.

Magetsi anazima. Ndinawerenga mitu: khumi ndi umodzi. Pa kanema, tai akhala pansi, atenga malaya. Zitseko zinayamba kutseguka, phokoso, mapepala a samusa, matochi a mafoni akufuna mizere. Bambo wina wonenepa, tiyi kudzanja lino, samusa ziwiri kudzanja linalo, anatsika pakanjira ka pakati akufunsa mokweza, "Mzere wathu uja ndi uti?" Anakweza maso. Anaima.

Wakumbuyo kwake anamukankha. "Bhai, tasunthani, mwagula njirayi?" Bamboyo sanasunthe. Wokankhayo anasuzumira paphewa pake, nayenso maso pa kanema. Ena anaunjikana mpaka pakhomo, matochi akuzima mmodzimmodzi. Palibe anakhala pansi. Ulusi unakana koyamba, unakana kachiwiri. Utalowa, mayi wina kumbuyo anapuma mokweza, tonse tinamumva.

Ine ndimalira, sindibisa. Nditatembenuka ndinapeza tai sakuyang'ana kanema. Akuyang'ana bambo uja. Kapu inali itapendekeka m'dzanja lake, tiyi akudontha pa nsapato, iye osadziwa.

Tai anandigwira pamkono n'kundinong'oneza: "Zubi, taona, tiyi akutayika. Ndipo wopukuta si ine."