Atate akufuna kusiyira Mbaita kapamba

Nottie Broadie, Livingstone
9 Ogasiti 1996

Wokondedwa Aleki,

Ndikhulupirira uli bwino ndi alamu ndi ana ku Mangalandeko. Ife tadzuka, kupatula atate. Mtima wawo watupa, miyendo yatupanso, ndipo adokotala akuti mwina sakafika Khirisimasi.

Ukukumbukira utabwera unatiuza kuti kumeneko akuyesa kuchotsa maselo m'kapamba wa munthu womwalira n'kuwaika m'chiwindi cha wodwala shuga, kuti aleke jakisoni? Iwe unkangocheza. Atate anazisunga.

Mwezi watha anatiitana ine ndi amuna anga, ba Simasiku. Anati za kukaikidwa kwawo ku Dedza tiziiwale. Akatsikira kuli chete, tifulumire nawo kuchipatala, achotse kapamba wawo, maselowo apatse mwana wathu Mbaita. Akuti atopa kumuona akudzibaya pantchafu m'mawa ndi madzulo, mtsikana wa Giredi 8.

Tiyi akumwa wopanda shuga, ati kapambayo amupeze woyera. Mankhwala aja ankawabisa pansi pa pilo tsopano akumwa okha.

Ndinakafunsa adokotala. Anandiuza kuti kuno sizichitika, ngakhale kunjako akadali kuyesa, ndipo ambiri amabwereranso ku jakisoni. Nditawafotokozera atate, anangoti, "Awo sanafikeko. Aleki ndiye adziwa."

Chandilembetsa kalatayi ndi Mbaita. Anamva zonse ali kukhitchini. Kuchokera tsikulo akadwala sanena. Lachiwiri shuga wake anatsika, iye anagwa mu Mosi-oa-Tunya Road pochokera kusukulu, ndipo mayi wina wogulitsa mabanzi ndiye anamumwetsa Fanta. Atatsitsimuka ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze kuti sakumva bwino m'mawa. Ponena za agogo ake, anati, "Ba mami, ambuya akandiona nidwala, azafulumira kufa."



Ndiye mlongo wanga, ndagwira mwendo wako. Mawu ako okha ndi amene atate angamve. Imba foni kunyumba kwa abusa Lamlungu likudzali tikatuluka m'tchalitchi, atate ndidzawatengera kumeneko pa takisi. Uwauze zoona. Ndikudziwa kuti mwina adzasiyanso mankhwala, ndipo ndalilira zimenezo. Koma sindingalole mwana azibisa matenda poopa kupha agogo ake. Ukatha nawo, ulankhulenso ndi Mbaita.

Pereka moni kwa alamu, ndipo ana uwapsompsone. Mulungu akusunge, akupatsenso mawu ofewa pa tsikulo.

Ndine mlongo wako,
Lizzie