Tsamba Lonena Kuti Mlonda Anagona

Lolemba, 3 Malichi
Mdzukulu wadzaza tebulo ndi mapepala. Akulemba kafukufuku womalizira ku yunivesite, za moto umene unapsereza fakitale ya matabwa. Fakitale yanga. Zaka zonse zija ndili mlonda pageti, chibonga m'manja.
Wandiwerengera pang'ono. "Mlonda anali mtulo." Pansi pake kamzere kabuluu, ati ndi keyala ya tsamba la pa intaneti pamene wazitenga. Ndati bodza limenelo. Iye: "Agogo, ine ndikungosonyeza kochokera mawu. Mbali yanu ili m'mutu wachitatu." Wachitatu! Bodza patsogolo, ine kumbuyo.

Lachinayi, 6 Malichi
Wolemba tsambalo ndamudziwa. Mwana wa malemu kapitawo, kapitawo yemwe uja ankasutira fodya pamulu wa utuchi. Ndapita kwa osindikiza mapepala, anditulutsira tsamba lonse, keyala ndi tsiku m'munsi mwake. Lili kunsi kwa matiresi. Bondo likuwawa.

Loweruka, 15 Malichi
Sabata yonse pabenchi la pashopu ya matayala ya mwana wa kapitawo uja. Osalankhula, kungomuyang'ana. Makasitomala kunong'onezana. Lero wati: "Madala, mukufuna mundifere pakhomo? Tsamba lija ndafufuta, dzipitani." Mtima pansi. Mdzukulu sindinamuuze.

Lachitatu, 2 Epulo
Mdzukulu sakudya. Aphunzitsi ake adina kamzere kaja, kulibe kanthu. Mmodzi wati tsambalo anachita kupeka. Lachisanu akaonekera kukomiti. Popanda umboni, sukulu yonse yalowa m'madzi. Amake, mwana wanga, misozi kukhitchini: "Ababa, watilodza ndani?"

Lachinayi, 3 Epulo
Pepala ndalitulutsa. Lakwinyika, koma keyala ikuoneka, tsiku likuoneka. Mawu aja nawonso. Ndikalipereka, anthu amatayi akaliwerenga mokweza, kenako alisunge mulaibulale mpaka mafupa anga ataola. Ndipo mdzukulu si wopusa. Aona tsiku losindikiza, adziwa amene anafufutitsa.
Machesi ali pawindo.
Sindinagone tsiku lamoto lija. Sindinagone ine.
Pabalaza mdzukulu akusita diresi lamawa, osaimba monga amachitira. Ndamuitana kamodzi. Machesi ndaponya m'kabati. Pepala lili m'manja. Wazimitsa simbi, akubwera kuno