Dzina la Achimwene M'chipewa

Lachiwiri, 18 Novembala
Awerenganso mavoti. Achimwene a Dwayne 412, mayi Kowalczyk 412. Mpando umodzi m'khonsolo ya tauni yathu. Zikatere lamulo limati maere: mayina awiri m'chipewa, Lachiwiri likudzali.

Chikwangwani cha kampeni ya achimwene chidakali pakapinga panga. Voti yanga inapita kwa mayi Kowalczyk. Akudziwa palibe.

Nkhani ndi makola a nkhumba. Achimwene akufuna kampani imange kufupi ndi zitsime za tauni. Lipoti la madzi ndinaliwerenga lonse. Iwo tsamba loyamba basi.

Lachinayi, 20 Novembala
Achimwene akhala akusaka wowagwetsa. Am'peza. Colby, mwana wawo, waulula yekha kuti sanavote, anali kosaka agwape.

"Voti imodzi, mbuzi iwe! Gwapeyo ndiye akupatse pogona." Akuti anatero ali pakhonde, oyandikana nawo akumva.

Wafika kuno ndi chikwama chimodzi. Akugona pasofa.

Loweruka, 22 Novembala
Chipale chofewa chayamba kugwa. Mnyamata sakudya. Mmawa wandikonzera chitseko cha galaja ndisanam'pemphe.

"Azakhali, sitolo ndi sitolo akundiloza. Ena akundigulira khofi, ati zikomo. Amenewo ndiye akundipweteka."

Masamu ake ngosavuta. Iye akanavota, achimwene akanapambana ndi imodzi. Ine ndikanawavotera, ndi ziwiri.

Zaka zonsezi ndaphunzitsa ana kusekondale kuti chinsinsi cha voti chimateteza wofooka kwa wamphamvu. Sabata ino chikuteteza ine. Akupsa ndi Colby.

Sindinalakwe. Madzi aja ndi omwe achimwenewo amamwa. Koma tulo osabwera.

Lamulungu, 23 Novembala
Kutchalitchi. Achimwene andigwira paphewa, anthu akuona. "Chemwali, anthu onse akanakhala ngati iwe! Mabuku akowo sanakuwononge mutu ndithu." Anaseka. Nanenso ndinaseka.

Alamu a Sherry anandikokera kuseri kwa galimoto. Nkhukundembo ya phwando la tsiku lothokoza, Lachinayi likudzali, agula kale, yaikulu. Mpando wa Colby achimwene auchotsa patebulo, uli m'chipinda chapansi. "Mlamu, alankhuleni. Inu amakumverani."

Amandimvera.

Lolemba, 24 Novembala
Ndaziyeza mbali zonse. Ndikanena za voti yanga atapambana, aseka, ndiye kuti ndadikira nyengo yabwino ngati wamantha. Ndikanena ataluza, ndi mchere pachilonda. Nthawi yake ndi chipewa chisanagwedezeke.

Maganizo anga pa makola sakusintha. Ndikawauza zimenezonso.

Chikwangwani ndachizula, nthaka youma gwa. Chili kumbuyo kwa galimoto. Colby anafunsa kuti ndikupita nacho kuti. Ndati kwa mwini wake.

Maere mawa m'holo ya tauni. Achimwene amadzuka m'mamawa kukadyetsa ng'ombe, ndikawapeza kukhola. Colby ndamuuza asite malaya ndipo alongedze chikwama. Lachinayi mpando wotsala patebulo paja ukhala umodzi pa awirife, ndipo ndi wake.