Mawaya Awiri a Pakati

Lamlungu, pa 17 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tonse tadzuka, ndipo ndikati tonse ndikuwerengera ndi bambo omwe. Khalani pansi, mupemphe alamu akuthirireni tiyi, chifukwa nkhani ndili nayoyi si ya pafoni. Pafoni mumandidula mawu, ndiye lero mundimvera mpaka ndimalize.

Mukudziwa mmene zinthu zakhalira pano chiyambire pamene maso a bambo anasiya kuona. Munthu amene anagwira chiwongolero moyo wake wonse anangodzitsekera kuchipinda, pampando uja wa pawindo, wailesi osaifuna, alendo osawafuna. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, yankho ndi "mmm" basi. Adokotala anati m'thupi mulibe vuto lina, koma akapitiriza kungokhala miyendo ifooka. Mayi ananyengerera mpaka mawu anawathera. Ine pafoni ndinkakuuzani kuti akupezako bwino, koma mantha anga anali akuti bambo tiwataya akadali moyo.

Mutanena zoti galimoto yawo igulitsidwe poti ikungodya dzimbiri pabwalo, ndinkayembekeza kuti akalipa. Ndinkafuna ndithu kuti akalipe! Koma anangoti, "Gulitsani," nkope ili kukhoma. Mtima unandiwawa, achimwene.

Wogula anapezeka, bambo aja a pabutchala. Anabwera, anaizungulira, anaimenyamenya matayala ndi nsapato ngati yawalakwira, n'kuiliza. Inalira koma mokakamizika, ikunjenjemera. Iwo akuti, "Sinthani kaye mapulagi, ndidzabweranso. Ndikufuna ndichotse mipando ya kumbuyoyi ndizinyamulira nyama." Nyama, achimwene! Pampando umene inu ndi ine tinkalimbirana pawindo.

Ndiye dzulo ndinatseka shopu yanga yosokera, n'kukagula mapulagi anayi. Wogulitsa uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ati, "Makanika wanu ali kuti, mayi?" Ndinati ali pamaso panupa. Mwaiwala kodi kuti inu mukathawira ku mpira, amene ankatsala kupatsira bambo masipanala ndi ine? Malamulo awo ndinawaloweza kalekale. Injini izikhala yozizira. Pukuta kaye m'mbali mwa pulagi kuti mchenga usagwere m'kati. Pulagi yatsopano iyambe ndi zala, sipanala ibwere pomaliza, apo ayi upha mazinga. Ndipo lalikulu, waya aliyense abwerere pa pulagi yake.

Poti ndine telala, ndinawonjezera nzeru zanga. Ndisanazule waya ngakhale mmodzi, ndinamanga ulusi pa aliyense: wofiira kutsogolo, kenako wachikasu, wobiriwira, wakuda kumapeto. Mayi anatulutsa kampando n'kukhala pambali akusenda mbatata, n'kumandiyang'ana.

"Ukuikongoletsa kuti ikakwatiwe?" anatero.

"Ndikuti ndisasokoneze, amayi. Mawayawa akasinthana, injini imapenga."

"Oho," anatero mayi, n'kupitiriza kusenda.

Mapulagi akale anatuluka ali bii, ina yonyowa ndi oyilo, kansonga kake katadyeka. Yachitatu inandivuta kumasula mpaka ndinadzisupula pachala, ndipo mawu amene ndinatulutsa pamenepo sindingawalembe m'kalata yopita kwa mkulu wanga. Koma zonse zinalowa bwinobwino, mawaya ndinabwezera potsata ulusi wanga, n'kupita kuseri kukasamba m'manja kuti ndisadetse chiwongolero.

Nditabwerako ndinakhala pampando, n'kupotokola kiyi. Mayo ine! Galimoto inatsokomola, inagwedezeka yonse, kenako kumbuyo kunamveka "phuu!" ngati mfuti. Galu wa aneba anadumpha mpanda umene sanaudumphepo chibadwire. Ndinayesanso. "Phuu!" Utsi tolotolo, fungo la petulo pabwalo ponse. Thukuta linandituluka, ndikuganiza kuti basi ndaipha galimoto ya bambo ndi manja angawa.

Pamenepo ndi pamene tinamva mawu kuchokera m'nyumba.

"Ndani akuzunza galimoto imeneyo?"

Achimwene, mawu aja! Omwe aja ankatiimitsa tsitsi tikabwera mochedwa. Ndinazimitsa injini. Mayi osatekeseka n'komwe, anangokweza mawu kuti, "Ndi mwana wanuyu, akuti akusintha mapulagi. Musiyeni, si ikupita kokanyamula nyama? Ilire bwino isalire bwino, ng'ombe yakufa sidandaula."

Kunamveka mpando ukukhuluzika. Kenako patapata, phazi ndi phazi, dzanja likupapasa khoma la m'khonde. Ndinafuna kuthamanga kuti ndikawagwire, mayi n'kundikoka bulauzi. "Khala pomwepo," anandinong'oneza. Bambo anatulukira pakhomo, dzuwa likuwawomba kumaso koyamba m'miyezi yonseyi, ndevu zili nyankhalala, ataonda moti malaya ankangolendewera. Koma ukali wokha unali wonenepa.

"Telala! Injini ukuiyesa diresi? Ndigwire dzanja, ndifikitse pa boneti."

Ndinawafikitsa. Anaika zikhatho zonse ziwiri pa injini ngati akupereka moni kwa mnzawo amene anasiyana naye kalekale. Anandifunsa ngati ndinayamba ndi zala, ndinati eya. Anafunsa ngati ndinamanga mopyola muyeso, ndinati ayi. Ndiye anagwira waya woyamba pamene amachokera, n'kumutsata ndi zala pang'onopang'ono mpaka pa pulagi yake, milomo ikuwerenga chamumtima. Wachiwiri chimodzimodzi. Atafika kumapeto kwake anaima, n'kuseka. Kuseka, achimwene, mano onse panja!

"Awiri a pakatiwa wawasinthanitsa. Uyu akupereka moto m'nyumba ya mnzake."

Ndinayang'ana, ndipo zoonadi, wobiriwira anali pamalo pa wachikasu. Ndinafuna kulumbira kuti ndinaika bwino, koma ndikanatsutsa bwanji zinthu zili poyera? Anawazula okha, anawabwezera okha, aliyense mpaka anamveka "tha". Kenako anati, "Liza."

Inalira kamodzi n'kamodzi, mosalala ngati makina anga ndikangowathira mafuta. Bambo anapendeketsa mutu, akumvetsera. "Ponda pang'ono. Siya. Wamva? Imeneyo ndiye galimoto." Ine misozi inali ikungoyenderera, osaipukuta n'komwe. Iwo anapapasa chitseko cha kutsogolo, anatsegula, n'kukhala. "Ukudikira chiyani? Mapulagi atsopano sayesedwa galimoto ili chiimire."

Tinazungulira mpaka kumsika, kubwerera njira ya kusukulu. Njira yonse ankandilalatira. Ndikuchedwa kusintha giya, ndikupondereza kilatchi, bampu ya pachipatala ndaikwera ngati ndikuthawa apolisi. Maenje onse a mumsewu akuwadziwa pamtima, amandichenjeza ndisanawaone. Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati dzulo. Titadutsa pabutchala anamva fungo, anati ndiime, n'kutsitsa galasi, n'kukuwira wogula uja. "Achimwene, nyama yanu muzinyamulira pa wilibala!" Bambo a pabutchala aja anangoti kukamwa yasaa.

Tsopano imvani izi. Titabwerako ndinalowa kukhitchini kuti nditereke tiyi, ndipo pogwira ketulo ndinapeza chogwirira chili ndi girisi. Ndinayang'ana manja anga, oyera. Ndinayang'ana a mayi, zala ziwiri zili bii.

"Amayi!"

"Usakuwe, iwe," anatero, akuseka mpaka kugwira m'mimba. "Wati mawaya akasinthana imapenga, si choncho? Ine bambo akowa ndawayanikira tochi pa injini imeneyi kuyambira iwe usanabadwe. Kuwaitana ndi chakudya ndalephera, kuwaitana ndi misozi ndalephera. Koma injini ikulira molakwika pabwalo pawo, sangakhale pansi ngakhale utawamangirira."

Ndinawakumbatira, girisi yense n'kuthera pa bulauzi yanga yatsopano. Andilumbiritsa kuti ndisawauze bambo, ndiye nanunso pakamwa mutseke.

Choncho galimoto sitikugulitsa, achimwene, ndipo musandiimbire foni kuti tikambirane, nkhaniyo yatha. Ndikudziwa kuti munkafuna kutipeputsira katundu, ndipo palibe amene akukuimbani mlandu. Pempho langa ndi lakuti mukamabwera mudzatitengere sefa ya mpweya, poti bambo aigwira lero m'mawa ati yatha ntchito. Inde, lero m'mawa. Anadzuka tonse tisanadzuke, ameta ndevu, ndipo panopa ali panja ndi kansanza akupukuta magalasi amene iwo sadzaonerapo kanthu. Akuti Loweruka tiona mabuleki. Makasitomala anga a madiresi andipirira.

Mayi akupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa adzukulu awo, akuti ana aziwaveka majuzi. Aneba akupereka moni, galu wawo anapezeka madzulo. Bambo ndawafunsa posachedwapa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ati ndikuuzeni kuti tsiku lobwera musadzakwere takisi, adzabwera okha kudzakuchingamirani pa siteji, ine ndidzangokhala wogwira chiwongolero.

Kenako anandikodola kuti ndiyandikire, n'kutsitsa mawu. "Umuuzenso mkulu wakoyo kuti iwe mapulagi unaika bwino. Waya amene unakankha iwe analowa mpaka pansi, koma awiri a pakati aja anangokhazikidwa pamwamba, mofulumira, ndi munthu woopa kugwidwa. Dzanja limenelo ndikulidziwa, ndakhala nalo zaka zambiri. Koma mayi ako usawauze kuti ndadziwa. Asiye asangalale."

Ndiye ndi zimenezotu, achimwene. Nyumba ino aliyense wandisungitsa chinsinsi chake, ndipo onse awiri ali panja pano akukangana za malo amene sipanala ya mapulagi imakhala. Bwerani msanga mudzawamve nokha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Telala, amene tsopano ndi makanika