Zomanga Thupi

Lolemba, 3 Malichi
Sikelo ya kuntchito yati makilogalamu 118. Lamba wokwerera pamapolo a magetsi malire ake ndi 115, ndiye abwana andipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndichepetse thupi. Ndikalephera ntchito yatha, ina kulibe. Mantha andigwira, kunena zoona. Anesi ati ndisiye buledi, mpunga ndi shuga, ndizidya zomanga thupi: mazira, nyemba, nyama yopanda mafuta. Mankhwala okoma chonchi sindinawamvepo.

Lachiwiri, 4 Malichi
Pakamwa panga pandipachika. Nkhaniyi ndainenera patebulo apongozi ali pomwepo (anabwera kudzaona khanda kwa mlungu umodzi, uno ndi mwezi wachitatu). Atangomva "zomanga thupi" anaika supuni pansi n'kutembenukira mwana wawo. "Mpaka achipatala kumuuza mwamuna kuti amange thupi? Iwe, umamudyetsa chiyani mwana wa eni ake?" Mayi a mwana amati afotokoze, anawadula pakamwa. Ine maso m'mbale.

Lachinayi, 6 Malichi
Apongozi alanda khitchini. M'mawa mazira asanu akusambira m'mafuta, ndi theka la buledi, ati "kuti mazirawo apeze pokhala". Amakhala chapatali mwaulemu, koma diso lili pa ine mpaka mbale iyere. Nanga mkamwini angakane bwanji chakudya cha apongozi?

Lamlungu, 9 Malichi
Nyama ndimaponyera galu pansi pa tebulo. Lero nayenso wangoinunkhiza n'kukagona.

Lolemba, 10 Malichi
120. Mnzanga wogwira makwerero ati, "Achimwene, mukumanga yosanjikiza kodi?" Sindinaseke. Kunyumba mayi a mwana ati, "Auzeni nokha, akudyayo ndinu." Ndati, "Mayiwo ndi anu." Zathera pomwepo.

Lachinayi, 13 Malichi
Ndalimba mtima. Ndinabwera nawo lamba uja kunyumba, ndinapempha apongozi akhale pampando, ine n'kumuvala pamaso pawo. Lambayo anakumana movutikira, mpweya nditaubisa. Ndinafotokoza zonse maso ali pansi: sikelo, abwana, kutha kwa mwezi.

Apongozi anayang'ana lamba uja.

"Ndiye inu bambo, mukufuna kugumula?"

"Eya, amayi."

"Nanga anesiwo amati kumanga bwanji? Sukulu zinazi." Kenako motsitsa mawu, "Ntchito ikatha, mdzukulu wanga adya chiyani?"

Ananyamula mbale yanga ya mpunga ndi nkhuku yokazinga n'kupita nayo kukhitchini. Anabwerako ndi mazira awiri owiritsa ndi masamba. Anandiyang'ana pamimba, n'kuchotsapo dzira limodzi.

Buledi anali akadali patebulo. Dzanja langa linangopita lokha, chizolowezi. Supuni ya apongozi inatera pazala, khwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pabanja pano, apongozi anali asanandikhudzepo ngakhale ndi moni wa m'manja.

"Pepani bambo," anatero. "Bwezani dzanjalo."