Batani Lachitatu

Zuleka,

Mwera wa dzulo wagwetsera mtengo pa waya wa foni, ndiye foni yafa. A positi akuti adzalumikiza Lolemba.

Komabe m'mawa uno ndatenga foni yopanda chingwe ija n'kudina batani lachitatu, pamene mayi ako anasungira nambala ya kuchipatala asanagonekedwe. Chimwalirireni iwo ndimadina tsiku lililonse, kungoti sindinakuuze. Lero yaitana, ndipo ayankha ndi mayi ako: "Bambo a Zuleka, masiku makumi anayi akukwana Lachisanu. Mpunga wa sadaka yanga uli kuti?"

Ndikudziwa, za sadaka ndinakana ndine. Usandiseke. Foniyo usaichotse kumagetsi, manambala angafufutike. Ikalira usayankhe, akufuna ine.

Pepa, chambo chomwe ndimakazinga chapserera ndili chiimire pa foni.

Ndapita ku Lifuwu kukagula mpunga.

Bambo ako