Jekete la a Yeremiya Labwerera kwa Mwini Wake

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko komwe kulibe mizere ya shuga?

Musanayankhe khalani bwino pampando, chifukwa amene akukulemberani si munthu wamba. Ndine Yotamu, mwana wanu wachitatu, wophunzira mpaka Sitandade Fili, wopukuta nyali za pamgodi wopuma pantchito, ndiponso tcheyamani wa onse okonda bandi muno m'Kabwe. Pampando umenewu ndinadutsa ndi mavoti onse, poti woimira ndinali ndekha, wovotanso ndekha. Kufikira pa Sondo yathayi ndinalinso Kopolo wa nkhondo ya ku Burma, koma udindo umenewo andilanda. Ndiyo nkhani ndakutengerani, koma ndiyambe ndi za pakhomo, mungandikalipire.

Mpongozi wanu Esnati ali bwino, kupatula mawondo ndi ine. Mdzukulu wanu Velonika, wa ku Chililalila uja, wabala mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Ndinapita kukamuona, anandiyang'ana kamodzi n'kukwinya pamphumi, ndinati basi, afika kale. Mango munabzala aja chaka chino abala mpaka nthambi kugwada. Repu yekha ndiye wakana, akumera wachikasu chifukwa cha fumbi la kuno ku Kasanda. Mwezi watha ndinaima pamzere kusitolo kuyambira m'mawa osadziwa chimene chabwera. Nditafika kutsogolo ndinapeza ndi polishi wa nsapato. Ndinagula, poti munthu sungaime maola anayi n'kubwerako chimanjamanja. Polishi ameneyu musamuiwale, mukumana nayenso kutsogoloku.

Manje za akulu anga a Yeremiya. Chichokereni inu zaka zinayi zapitazo akukhala kwa ine, m'chipinda cha kuseri. Inu mukudziwa mmene anabwerera kunkhondo. Manja onse, miyendo yonse, mamendulo atatu pa jekete, koma chinthu chikangophulika amagwa chafufumimba n'kumakumba dothi ndi zala. Nanga Mulungu anatiika kuti? Pafupi ndi mgodi, komwe amaphulitsa miyala! Inu munkathamanga ndi chitenje chanu chobiriwira chija, kuwafunditsa kumutu, n'kukhala pansi pambali pawo mpaka kunjenjemera kutatha. Aneba akasuzumira munkati, "Ndi malungo." Malungo a zaka makumi atatu, Amayi! Koma ine munkandiuza kumbali kuti, "Mkulu wako sadwala, anangomva phokoso lokwanira moyo wonse. Anthu asamuone ali pansi."

N'chifukwa chake Novembala aliyense, asilikali akale akamasonkhana pabwalo la kuboma kukumbukira anzawo amene sanabwereko, a Yeremiya ankatsala m'nyumba, jekete lili pamsomali. Ine ndiye bandi imandisokoneza mutu kuyambira ndili wamng'ono. Ndinaona kuti wamamendulo amakhala mutenti, kutsogolo penipeni, pafupi ndi malipenga moti malovu a oimba amakugwera pamphumi, ndipo pomaliza kumabwera tiyi ndi mabanzi. Ndinabwereka jekete lija kwa tsiku limodzi chabe. Munati, "Pita likapitidwe mphepo, koma pakamwa pako usiye kuno." Pakamwa ndinapita napo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu mmene ndinawolokera mtsinje wa ku Burma pamsana pa ng'ona, mfuti ndili nayo kumano. Chaka china ng'onazo zinafika ziwiri.

Masabata awiri apitawo tinakhala pansi pa mango aja. A Yeremiya akhala akutsokomola kuchokera nthawi yozizira, ndipo atha thupi. Anangoti, "Yotamu, chaka chino jekete ndivala ndekha."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinati, "Akulu, kumene kuja kuli mfuti yaikulu. Ikakwana leveni koloko amaiwomba, kenako anthu onse zii kwa mphindi ziwiri."

"Ndikudziwa. Ndimaimva chaka chilichonse ndili pansi pa bedi."

"Nanga mukufunako chiyani? Ngati ndi mabanzi, ndikubweretserani."

"Chanda," anatero.

Mukumukumbukira Chanda, Amayi, Mbemba uja ankamuitana akagwa pansi, mnzawo wofunda naye bulangete limodzi, amene anatsala komweko kunkhondo. Anati, "Zaka zonsezi womuimirira ndiwe, wosamudziwa ngakhale nkhope, uku ukutafuna banzi. Chifuwa ichi sichindipatsa Novembala wambiri. Ndikufuna ndikamuimirire ndekha kamodzi."

Ndinagwidwa mantha awiri. Aang'ono anali a ukopolo wanga. Aakulu anali mawu anu aja, akuti anthu asamuone ali pansi. Tsopano osati aneba awiri osuzumira pampanda, koma Kabwe yense, ndi Bwanamkubwa yemwe, ndi amayi a chipani, ndi ana a sukulu. Ndinaganiza nzeru ya mtundu wanga. Ndinati mfuti ikangolira ndigwe ineyo poyamba, miyendo m'mwamba, ndikuwe ngati mbuzi, anthu aseke ine, iwo adzuke maso a anthu ali kwina. Ndinayamba kuyeserera kuseri kwa nyumba. Esnati anandipeza ndili chagada m'mabedi a repu. Anati, "Atate ake a Velonika, khunyu mwaliyamba paukalamba?" Ndinati ndikuyeza dothi. Anati, "Muyeze ndi malaya a wina, amenewo wochapa ndine, sopo kulibe."

Pa Sondo m'mawa ndinatulutsa polishi uja. Majombo awo anali ouma ngati chikopa cha ng'oma, ndinawapaka katatu mpaka anayamba kuonetsa nkhope. Jekete atalivala linawakulira, mapewa akulendewera. Pa ine linkathina pamimba. Ndinawakweza pakaliyala ya njinga n'kumakankha, chifukwa kupalasa ndi munthu kumbuyo ndinasiya.

Bandi ya asilikali inayambira kusiteshoni ya sitima monga mwa nthawi zonse, ndipo ife anthu ake tinali titafika kale. Inu simunkamvetsa khamu limeneli, munkati ndi mpingo wa anthu opanda zochita. Pali a ku Nakoli amene amatseka matebulo awo pamsika, pali madala a kunjanji, pali amake Bwalya ogulitsa vitumbuwa amene amavina kumbuyo kwa ng'oma yaikulu chaka chilichonse, dengu lili pamutu, osagwetsa ngakhale chimodzi. Oimba onse tinawapatsa maina. Woimba lipenga lomuzinga thupi lonse timamutcha Nsato. Wa ng'oma yaikulu timamutcha Mimba Ziwiri. Atangondiona amake Bwalya anakuwa, "Ba Kopolo, lero mwavula? Mamendulo mwagulitsa?" Ndinati ndabwereketsa kwa mnyamata uyu kuti aphunzire.

Ndinkaopa ng'oma, koma a Yeremiya anati, "Ng'oma ilibe vuto, imakuuza kumene ikuchokera." Bandi itayamba kuyenda ndinamva njinga yapepuka. Potembenuka, munthu watsika. Amayi, mapazi aja anakumbukira okha. Kumanzere, kumanja, msana chilili, manja akuponya. Ine wa zaka zonse mutenti ndinatsala kumbuyo ndi njinga ngati wantchito wawo.

Pakhomo la tenti panaima a Sajeni Mulenga, mkulu wa asilikali akale, wandodo, wa diso limodzi. Ndinayamba kuti, "Ba Sajeni, pali kankhani pang'ono." Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana jekete, anayang'ana majombo, kenako nkhope. Anaimika ndodo n'kuchita sawatcha, nawalandira a Yeremiya m'Chibemba.

"Mwaiseni mukwai. Takudikirani nthawi yaitali."

Ndinati, "Ah, mumadziwa?"

"Iwe Yotamu, chaka choyamba chomwe. Unatiuza kuti ku Burma unapita pa sitima ya pamtunda, kudzera ku Bulawayo."

"Nanga osandithamangitsa bwanji?"

"Jekete linali lenileni. Tinati mwini wake alipo, ndipo pali chomuletsa. Tinati lizibwera, tsiku lina lidzabwera naye." Kenako anati, "Komanso amene anapitako sasimba akuseka chonchija. Unkatipumitsa. Ng'ona zija zafika zingati?"

Madala onse mutenti anafa nacho chiseko. Anawapatsa a Yeremiya mpando wakutsogolo, umene ndinkakhalapo ine. Ine anandilola kuima kumbuyo kwawo ngati wogwira chipewa. Banzi la chaka chino ndinangoliona likudutsa.

Abusa anapemphera, Bwanamkubwa analankhula nthawi yaitali za ufulu ndi za kulima, bandi inaimba nyimbo ya m'tchalitchi yapang'onopang'ono, imene ngakhale amake Bwalya amatsitsa dengu. Dzuwa linali lija la mvula isanagwe. Asilikali akale anaitanidwa kuima pamzere pakati pa bwalo, ine ndinatsatira. Ndinayang'ana wotchi ya munthu wapafupi. Ndinakonza mawondo.

Mfuti inalira. Mbalame zonse zinabalalika m'mitengo ya kuboma. Ndipo mwana wanu Yeremiya anaima nji ngati mzati wa magetsi, dzanja pamphumi, osaphethira. Mphindi ziwiri zonse. Lipenga litalira Bwanamkubwa anatsika yekha kudzawagwira chanza, nati, "Uyu ndiye msilikali." Anthu anaomba m'manja kuchokera kuboma mpaka kunjanji.

Pobwerera anakwera njinga mosakangana. Tinafika dzuwa litapendeka, Esnati anatipatsa nshima ya kapenta, ndipo akulu anadya mbale yonse, koyamba chiyambire chifuwa chija. Jekete analikoleka okha pamsomali, n'kundiuza kuti ndikalikhudzanso andithyola zala.

Apa ndinafuna kutsekera kalata. Ndinapinda kale pepala. Koma inu munkati mukafuna kudziwa ngati ndikunama mumangoona ngati nkhani yatha bwino kwambiri. Ndiye ndafunyululanso.

Za mzati wa magetsi zija ndapeka, Amayi. Za Bwanamkubwa kutsika ndapekanso, iye sanasunthe pamthunzi. Munadikira zaka zambiri kuti mumve kuti mwana wanu wachira, ndinafuna ndikupatseni ngakhale mizere isanu chabe.

Zoona zake n'zakuti anagwa. Ananditsogolera, mawondo anga ndisanawapinde n'komwe. Anagwa chafufumimba pakati pa bwalo, mamendulo m'fumbi, zala zikukumba, akuitana Chanda. Kugwa kwanga konse ndinayeserera m'repu kuja ndinakuiwala. Ndinangogwada, ndikufunafuna chowafunditsa, ndilibe. Amake Bwalya anadutsa chingwe cha apolisi, anamasula chitenje chapamwamba n'kundiponyera. Ndinawafunditsa kumutu monga munkachitira, n'kukhala pansi pambali pawo, ndikudikira chiseko cha Kabwe yense.

Palibe anaseka. Ndinamva ndodo ikugwa. A Sajeni Mulenga, ndi mwendo wawo wouma, anatsika pang'onopang'ono mpaka anakhala m'fumbi mbali inayo, n'kuika dzanja pamsana pa akulu. Kenako mdala wina anakhala pansi, kenako wina, mpaka mzere wonse wa mamendulo unali pansi. Mphindi ziwiri za chaka chino asilikali a ku Kabwe anazisunga ali khale m'dothi. Lipenga litayamba kulira a Yeremiya anachotsa chitenje okha. Anayang'ana uku ndi uku, naona anzawo onse ali nawo pansipo. A Sajeni anati, "Ine zimandipeza mvula ikagunda. Uyu apa, galimoto ikaphulitsa." Akulu anapukuta kumaso, anakhala tsonga, nachita sawatcha ali pansi pomwepo mpaka lipenga linatha.

Pobwerera tinafika pamphambano ya ku Kasanda. Pamenepo anandigwira malaya kumbuyo nati, "Yotamu, chaka chamawa uwauze andiimike kumapeto kwa mzere. Kuja kuli kapinga."

Munandiuza kuti anthu asamuone ali pansi, ndipo ndalephera, amuona onse. Mundikhululukire. Inu munkamubisa chifukwa chomukonda, palibe akanakuuzani kuti mutenti muja muli anzake a malungo omwewo. Koma ine sindimubisanso. Chifuwa chikawalola kufika Novembala wina ndidzawakankhanso panjinga, ndipo chitenje chanu chobiriwira chija, chimene Esnati anasunga m'sutikesi, ndidzapita nacho m'thumba, tisakavulenso amake Bwalya pagulu. Chikapanda kuwalola, akafika kumeneko muwalandire, ndipo jekete ndidzalitenga ndine kupita nalo kubwalo, osavala, kungolinyamula pamkono. Limenelo ndi lonjezo, ndipo muli ndi mboni, poti Esnati akuwerenga pamwamba pa phewa langa.

Mupereke moni kwa atate. Mukakumana ndi Mbemba wina dzina lake Chanda, mumuuze kuti mnzake anabwera.

Ine mwana wanu wokukondani, amene munkati pakamwa pake pamadzuka iye asanadzuke,

Yotamu
Kopolo wochotsedwa, wogwira chipewa